Rachel Carson, mayi amene anafunsa komwe mankhwala amathera

Ena mwa ife amene tinakulira m'mbali mwa nyanja, cha ku Nkhata Bay kapena pa chilumba cha Likoma, timaidziwa bwino nkhungu. Ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka timene timatumphuka m'madzi n'kukwera kumwamba pamodzi, moti ukakhala patali umayesa utsi wa moto pakati pa nyanja. Mphepo ikaikankhira kumtunda, anthu amaikola ndi madengu, kuiumba timitanda, kuiphika, basi ndiwo zapezeka.

Ku California, m'dziko la America, kuli nyanja yotchedwa Clear Lake imene ili ndi tizilombo ta mtundu womwewu, pachibale penipeni ndi nkhungu yathu. Kungoti anthu a kumeneko sankadya ayi. Iwo ankangoona kuti tizilomboto tikuthawitsa alendo odzasangalala kunyanjako. Choncho mu 1949 akuluakulu a deralo anathira m'nyanjamo mankhwala otchedwa DDD, m'bale wake wa DDT. Sanathire mwachisawawa, anayeza bwinobwino. Ulendo wachiwiri, mu 1954, mulingo unali dontho limodzi la mankhwala pa madontho 50 miliyoni a madzi. Tizilombo tinafadi. Koma patangopita miyezi yochepa anthu anayamba kutola mbalame zakufa za mtundu wa grebe, zomwe zimamira m'madzi kukagwira nsomba. Atathiranso mu 1957, zinafanso zambiri. Akatswiri atapima mafuta a m'matupi a mbalamezo anapeza mankhwala ochuluka kuwirikiza ka 80,000 poyerekeza ndi amene anathiridwa m'madzi. Kale panyanjapo pankaswana mabanja a mbalamezi oposa 1,000, koma pofika 1960 panatsala pafupifupi 30 okha.

Nanga kadontho kaja kanachuluka bwanji chonchi? Mankhwalawo anayamba kulowa mu tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timayandama m'madzi. Tinsomba tinadya tizamoyoto, nsomba zazikulu zinadya tinsombato, mbalame n'kudya nsombazo. Mankhwala a mtunduwu sasungunuka m'madzi, amasungunuka m'mafuta, ndipo thupi limavutika kuwaphwanya kapena kuwataya. Ndiye aliyense wodya mnzake ankatengera poizoni yense amene mnzakeyo anasonkhanitsa pa moyo wake. Nkhaniyi inkadziwika kwa akatswiri ochepa chabe, italembedwa m'malipoti amene munthu wamba sakanawaona n'komwe. Amene anaitulutsa m'makabati n'kuifikitsa pakhomo pa aliyense anali Rachel Carson.

Rachel anabadwa pa 27 Meyi 1907 ku Springdale, katauni ka m'mphepete mwa mtsinje wa Allegheny, kufupi ndi mzinda wa Pittsburgh ku Pennsylvania. Anali womaliza m'banja la ana atatu. Bambo ake, a Robert, anali ndi malo okwana maekala 65, koma ndalama sizinkawayanja, ndipo nyumba yawo inalibe ngakhale madzi a m'mipope. Mayi ake, a Maria, mwana wa m'busa wa mpingo wa Presbyterian, anali mphunzitsi, koma anasiya ntchito atakwatiwa poti nthawi imeneyo mayi wapabanja sankaloledwa kuphunzitsa. Kalasi yawo inasanduka thengo la kuseri kwa nyumba, wophunzira n'kukhala Rachel. Ankayenda awiriwiri, mayiwo akumuuza dzina la mbalame iliyonse, kulira kwake ndi komwe imamanga chisa. Nthawi yomweyo mafakitale ankamera m'chigwa chonsecho, utsi wa malasha ndi fungo la fakitale ya guluu zikufika mpaka pakhonde.

Mtsikanayu ankafuna kudzakhala mlembi. Asanakwane zaka 12, magazini ya ana yotchedwa St. Nicholas inali itasindikiza kale nkhani yake. Mu 1925 analowa Pennsylvania College for Women kukaphunzira Chingerezi, mayi ake akugulitsa nkhuku, zipatso ndi mbale za m'nyumba kuti fizi ikwane. Ali kumeneko anakakamizidwa kutengako phunziro limodzi la sayansi, ndipo anakumana ndi mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo dzina lake Mary Scott Skinker. Phunziro lokakamizidwa lija linamulowa mumtima, moti mu 1928 anasintha maphunziro ake. Ambiri anamuona ngati wotaya bomwetamweta, chifukwa mkazi wolemba nkhani akanatha kupeza pogwira, koma mkazi wasayansi ankathera pophunzitsa basi. Iye mwini ankayesa kuti zolemba wazisiya mpaka kalekale. Sanadziwe kuti wangopeza kumene zoti adzalembe.

Anamaliza bwino kwambiri mu 1929, ndipo chaka chomwecho anapita ku Woods Hole, malo ofufuzira zamoyo za m'nyanja ku Massachusetts. Kumeneko ndi kumene anakaiona nyanja ya mchere koyamba, ali ndi zaka 22. Mu 1932 analandira digiri yachiwiri ku yunivesite ya Johns Hopkins, atafufuza mmene impso zimayambira kukula m'tiana ta nsomba ya mtundu wa mlamba. Ankafuna kupitiriza mpaka udokotala wa zamaphunziro, koma zinthu zinali zitavuta m'dziko lonse la America, ntchito kulibe, ndipo banja lonse linkayang'ana kwa iye. Anasiya sukulu mu 1934. Bambo ake anamwalira mu 1935. Mu 1937 mkulu wake Marian anamwaliranso, kusiya ana aakazi awiri. Ife a kuno sitifunika kufotokozeredwa zambiri pamenepa. Tikumudziwa mwana amene waphunzira yekha pamtundu, amene malipiro ake amagawidwa asanafike m'thumba. Rachel anali wotero moyo wake wonse.

Ntchito yoyamba anaipeza ku nthambi ya boma yoona za nsomba, yolemba timapulogalamu ta pawailesi 52, ta mphindi 7 kamodzi, tofotokoza za moyo wa pansi pa madzi. Akatswiri a kumeneko ankadziwa nsomba koma osatha kulemba zoti munthu n'kumvetsera, olemba nkhani ankatha kulemba koma osadziwa nsomba. Rachel ankatha zonse ziwiri. Mu 1936 analemba mayeso olowera ntchito ya boma n'kuposa onse amene analemba nawo, ndipo anakhala mkazi wachiwiri kulembedwa ntchito yaukatswiri m'nthambiyo. Anakwera pang'onopang'ono mpaka mu 1949 anakhala mkonzi wamkulu wa zofalitsa zonse za Fish and Wildlife Service, lomwe linali dzina latsopano la nthambi ija. Udindo umenewu ungaoneke wouma, koma unamuika pamalo pamene malipoti onse a kafukufuku wa nyama zakutchire ankadutsa. Anaphunzira kusiyanitsa lipoti lolimba ndi lofooka, anadziwanso katswiri woti n'kumufunsa pa nkhani iliyonse.

Mabuku ankalemba usiku, akaweruka. Loyamba, Under the Sea Wind, linatuluka mu Novembala 1941, ndipo patangotha milungu yochepa America inalowa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, bukulo n'kuiwalika m'mashelufu. Lachiwiri, The Sea Around Us, la mu 1951, ndi limene linasintha moyo wake. Linakhala pa mndandanda wa mabuku ogulidwa kwambiri wa nyuzipepala ya New York Times kwa milungu 86, linapata mphotho ya National Book Award, ndipo linamasuliridwa m'zilankhulo zambiri. Mu 1952 anasiya ntchito ya boma. Anamanga kanyumba m'mphepete mwa nyanja pa chilumba cha Southport ku Maine, komwe ankakhalira kusuzumira m'timaiwe timene nyanja imasiya m'miyala ikaphwa, ndipo mu 1955 anatulutsa The Edge of the Sea. Akanatha kumalizira pomwepo, wotchuka, wokondedwa, wosakangana ndi munthu.

Kuti timvetse kulimba mtima kwake, tiyenera kukumbukira mmene anthu ankamuonera DDT masiku amenewo. Katswiri wa ku Switzerland, Paul Müller, anatulukira mu 1939 kuti mankhwalawa amapha tizilombo, ndipo mu 1948 analandira mphotho ya Nobel. Sikuti anapatsidwa mwachinyengo. Kumapeto kwa 1943 ndi kuchiyambi kwa 1944, mliri wa typhus, matenda ofala ndi nsabwe, unabuka mumzinda wa Naples ku Italy, ndipo unazima anthu atathiridwa ufa wophera nsabwe, makamaka wa DDT, m'zovala. Asilikali anatetezedwa nawo ku malungo. Anali otchipa, amphamvu, ndipo munthu akawagwira sankaona vuto pomwepo. Nkhondo itatha anagulitsidwa kwa aliyense. Ankapoperedwa m'minda, m'nkhalango, m'madambo, m'misewu, ana akuthamangira utsi wa galimoto yopopera ngati masewera. Wowatsutsa ankaoneka ngati wotsutsa chitukuko chenichenicho.

Carson anayamba kukayika kalekale. Mu 1945 anapempha magazini ya Reader's Digest kuti alembe za kafukufuku wa DDT amene ankachitika ku Patuxent, m'chigawo cha Maryland, koma magaziniyo sinafune. Nkhaniyo inagona zaka zoposa 10. Mu 1957 boma la America linayamba kupopera ndi ndege madera akuluakulu. Kumpoto chakum'mawa, kuphatikizapo Long Island, linkathira DDT wosakaniza ndi mafuta pofuna kupha mbozi zodya masamba a mitengo, osasankha kuti apa ndi dimba la munthu, apa ndi msipu wa ng'ombe zamkaka. Kum'mwera linakonza zothira dieldrin ndi heptachlor, mankhwala oopsa kuposa DDT, pa maekala 20 miliyoni pofuna kutheratu nyerere zoluma zotchedwa fire ant. Mbalame, nsomba ndi ziweto zinafa, nyererezo zilipo mpaka lero. Mu Januwale 1958 mnzake wina, Olga Owens Huckins, amene ankasunga kankhalango ka mbalame ku Duxbury, anamutumizira kalata yofotokoza mmene mbalame zake zinafera ndege yopopera udzudzu itadutsa. Carson anayesa kupeza mlembi wina woti aitenge nkhaniyo. Atasowa, anaitenga yekha.

Ankaganiza kuti ntchitoyo itha chaka chimodzi, koma inamutengera zinayi, ndipo zinali zaka zowawa. Mu 1957 mmodzi mwa ana a mkulu wake aja anamwalira, kusiya mwana wamwamuna wa zaka 5, ndipo Carson anamutenga kukhala wake. Mu Disembala 1958 mayi ake, amene anakhala nawo pafupifupi moyo wake wonse, anatsikira kuli chete. Mu Epulo 1960 anachitidwa opaleshoni yochotsa bere. Atafunsa mwachindunji ngati chotupacho chinali khansa, dokotala sanamuuze zoona, monga ankachitira madokotala ambiri kwa odwala aakazi nthawi imeneyo. Anazindikira patatha miyezi ingapo, matenda atafalikira kale. Amene tikuphunzira za umoyo tiganizirepo apa: mayi amene ntchito yake inali kuwerenga malipoti a sayansi anaonedwa kuti sangathe kusenza lipoti la thupi lake lomwe.

Matendawo anawabisa. Ankadziwa kuti adani ake akamva adzati bukulo walemba ndi mkwiyo wa munthu wodwala. Ndipo apa ndi pamene timamulemekeza kwambiri, pa kagwiridwe kake ka ntchito. Iye sanachite kafukufuku watsopano m'labotale. Anasonkhanitsa zimene akatswiri a mbalame, a nsomba, a nthaka ndi a zachipatala anapeza aliyense payekha, n'kuzilumikiza. Analemberana makalata ndi akatswiri ambirimbiri, mitu ya bukulo ankaitumiza kwa odziwa kuti aipeze zolakwa lisanasindikizidwe, ndipo kumapeto kwake anaikako masamba oposa 50 ongosonyeza komwe mfundo iliyonse yachokera.

Bukulo, Silent Spring, linayamba kutuluka m'zigawo mu magazini ya The New Yorker mu Juni 1962, ndipo lathunthu linatuluka pa 27 Sepitembala. Dzina lake likunena za nyengo imene chisanu chimatha kumaiko ozizira, mitengo n'kuphukira, mbalame n'kubwerera ndi nyimbo zake, koma ulendo uno kuli zii. Munali nkhani ya Clear Lake ija. Munalinso ya pa yunivesite ya Michigan State, komwe mitengo ya elm inkapoperedwa DDT poiteteza ku matenda. Masamba ankayoyoka, nyongolotsi n'kudya masamba owolawo, ndipo chaka chotsatira mbalame zotchedwa robin zinkadya nyongolotsizo n'kumagwa pakapinga zikunjenjemera. Nyongolotsi zazikulu 11 zinali zokwana kupha mbalame imodzi. Munalinso ya mtsinje wa Miramichi ku Canada, komwe ana a nsomba za salmon anatha nkhalango itapoperedwa mu 1954. Mfundo yake inali imodzi: mankhwala sathera pamene wawathira. Amayenda ndi madzi, amakhala m'nthaka zaka, amakwera kuchoka pa chodyedwa kupita pa chodya, ndipo munthu naye ali pamzere womwewo. Sananene kuti mankhwala onse ophera tizilombo aletsedwe. Ankatsutsa kuwathira paliponse, mochuluka, osayamba wafufuza, ndiponso osawafunsa anthu amene akuwathiridwa pamutu.

Makampani opanga mankhwala anadzuka nazo. Kampani ya Velsicol, yopanga heptachlor, inaopseza osindikiza bukulo ndi milandu. Ya Monsanto inafalitsa kankhani konyoza kofotokoza dziko lodzaza tizilombo ndi njala chifukwa chosowa mankhwala. Ena anasiya mfundo n'kulimbana ndi munthu: ati ndi mkazi wotengeka maganizo, alibe udokotala, sanakwatiwe, mwina ndi wachikomyunizimu. Pa 3 Epulo 1963 kanema wa CBS anaonetsa pulogalamu yokhudza bukulo. Anthu mamiliyoni amene anamva kuti mayiyu ndi wolalata anaona munthu wofatsa, atakhala pampando, akuyankha modekha. Sanadziwe kuti kuyenda kunali kutayamba kumuvuta. Pa 15 Meyi komiti ya alangizi a sayansi a Pulezidenti John F. Kennedy inatulutsa lipoti logwirizana ndi mfundo zake zikuluzikulu, ndipo mu Juni anakaonekera pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate, atavala wigi pobisa tsitsi lothothoka.

Sitikunena kuti zonse analondola chimodzimodzi. Mutu wake wonena za khansa ndi umene unali wofooka, chifukwa umboni wa nthawi imeneyo unali wochepa ndipo iye anautsamira kwambiri. Nkhaniyi yatenga zaka zambiri kuti iwoneke mutu wake, ndipo ndi mu 2015 pamene bungwe la IARC, loona za kafukufuku wa khansa pansi pa WHO, linaika DDT m'gulu la zinthu zimene zikuoneka kuti zingayambitse khansa. Koma pa za mbalame, zoona zake zinaposa zimene iye ankadziwa. Mu 1967 katswiri wa ku Britain, Derek Ratcliffe, anapima zigoba za mazira a kabawi wa mtundu wa peregrine osungidwa kuyambira kalekale, n'kupeza kuti zinayamba kupyapyala cha m'ma 1947, DDT atangofala. Kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti DDE, chotsalira cha DDT m'thupi, amasokoneza mmene mbalame yaikazi imapangira chigoba, moti dzira limasweka make akalikhalira. Chiwombankhanga cha bald eagle, chizindikiro cha dziko la America, chinali chitatsala mabanja 417 okha m'zigawo 48 za dzikolo mu 1963. Boma linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la EPA mu 1970, linaletsa DDT pa ulimi mu 1972, ndipo mu 2007 mbalameyo inachotsedwa pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yakutha. M'bale wake wa kuno ndi nkhwazi, yomwe ili pa chizindikiro cha boma la Malawi ndi pa mbendera ya Zambia. Nayonso inalawako: ku nyanja ya Kariba, m'dera limene DDT ankapoperedwa polimbana ndi kashembe, ofufuza anapeza DDE m'mazira a nkhwazi ndi zigoba zopyapyala.

Funso la Carson, loti mankhwalawa akathera kuti, ndi limene ofufuza ambiri akulondolabe lero. Ku India ndi Pakistan miimba inatha modabwitsa m'zaka za m'ma 1990, mtundu wina kutsika ndi 99 pa 100 iliyonse, ndipo mu 2004 zinadziwika kuti wopha anali diclofenac, mankhwala ochepetsa ululu amene ankabayidwa ng'ombe. Ng'ombe ikafa, muimba wodya nyamayo impso zake zinkaleka kugwira ntchito. Ku Germany, kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 anapeza kuti kulemera kwa tizilombo touluka togwidwa m'malo otetezedwa 63 kunatsika ndi zoposa 75 pa 100 m'zaka 27. Mu 2018 maiko a European Union analetsa kugwiritsa ntchito panja mankhwala atatu a gulu la neonicotinoid chifukwa cha njuchi. Mu 2020 ofufuza a ku Washington anapeza kuti nsomba za coho salmon zikufa m'mitsinje ya m'tauni chifukwa cha mankhwala otetezera matayala a galimoto, amene mvula imakokolola pamsewu. Palibe amene ankafuna kupha muimba, njuchi kapena nsomba. Aliyense ankathana ndi vuto lake, osayang'ana kumunsi kwa mtsinje.

Tsopano pali mlandu umene ife sitingaulambalale, chifukwa ukutikhudza. Pali anthu amene amati Carson ndi amene anaphetsa ana mamiliyoni a mu Africa ndi malungo poipitsa dzina la DDT. Ambiri mwa ife tinagonapo m'chipatala ndi malungo, ena tinaika abale athu, choncho mlanduwu sitingautenge mopepuka. Koma tiyeni tione mmene zinthu zinayendera. Ntchito ya WHO yofuna kutheratu malungo pa dziko lonse inayamba mu 1955, ndipo mbali yaikulu ya Africa ya kum'mwera kwa Sahara sinalowemo kwenikweni. Inaimitsidwa mu 1969, America isanaletse DDT, ndipo zina mwa zifukwa zake zinali ndalama komanso udzudzu umene unasiya kufa ndi mankhwalawo. Ku Greece zimenezi zinaoneka kale mu 1951. Kachitidwe kake n'kosavuta kumva: ukapopera, udzudzu wofooka umafa, wolimba umatsala n'kuswana, ndipo ukamapopera kwambiri, makamaka m'minda ikuluikulu, umafulumizitsa tsiku limene mankhwala adzakhale ngati madzi. Carson analemba mutu wathunthu wochenjeza za zimenezi, ndipo nkhawa yake inali yoti chida cholimbana ndi matenda chikuonongedwa. Chiletso cha mu 1972 chinali cha m'dziko la America ndipo chinasiya mpata pa zaumoyo. Pangano la Stockholm la mu 2001 linaletsa DDT pa ulimi koma linalola kupopera m'nyumba polimbana ndi malungo, ndipo WHO inavomerezanso poyera njira imeneyi mu 2006.

Komabe otsutsawo ali ndi pogwira pena. Dzina la DDT litaipa, panali nthawi imene mabungwe ena othandiza ankazengereza kulipirira kupopera m'nyumba, ngakhale kuti mankhwala opaka pakhoma ndi ochepa kwambiri powayerekeza ndi othira m'munda. Dziko la South Africa linasiya DDT mu 1996 n'kuyamba mankhwala a gulu la pyrethroid. Udzudzu wa Anopheles funestus, womwe sunkafa ndi mankhwala atsopanowo, unabwerera, ndipo odwala malungo anapitirira 60,000 m'chaka cha 2000. Atabwezeretsa DDT chaka chomwecho, pamodzi ndi mankhwala atsopano ochizira, chiwerengero chinatsika kwambiri. Ife tikuona kuti nkhani imeneyi ikuwatsutsa onse awiri, amene amati DDT ndi mdyerekezi ndi amene amati ndi mpulumutsi. Ndipo chimene chinabwezeretsa malungo kumeneko ndi kulimba kwa udzudzu komwe Carson ankanena.

Vuto lomweli lili pakhomo pathu. Mu 2010 ofufuza analengeza kuti Anopheles funestus wa pa Likoma, pomwe paja timakola nkhungu, sakufa ndi pyrethroid, mankhwala amene amanyikidwa m'maneti ambiri. Zomwezo zinapezekanso ku Chikwawa ndi madera ena. N'chifukwa chake maneti atsopano amawonjezeredwa PBO, yomwe imafooketsa mphamvu ya udzudzu yophwanya poizoni m'thupi mwake, ndipo mu 2023 WHO inavomereza maneti okhala ndi mankhwala a mitundu iwiri. Nthawi yomweyo, chifikireni mbozi ya fall armyworm m'minda ya chimanga cha m'ma 2017, tonse taonapo mlimi akupopera wopanda chophimba kumaso, mulingo wongoyerekeza ndi kachitsekerero ka botolo, akamaliza n'kukatsuka mpope wake kudambo komwe ena amatunga madzi ndi kuwedza matemba. Mlimiyo si woipa, akuteteza nsima ya ana ake. Koma madzi a dambolo ali ndi kopita.

Zambiri mwa izi Carson sanazione. Khansa inafika m'mafupa, kenako m'chiwindi, ndipo anamwalira pa 14 Epulo 1964 kunyumba kwake ku Silver Spring, m'chigawo cha Maryland, ali ndi zaka 56. Panali patangotha chaka ndi theka bukulo litatuluka. Mu 1980 Pulezidenti Jimmy Carter anamupatsa mendulo ya Presidential Medal of Freedom, mwini wake atagona zaka 16. Mnyamata amene ankamulera uja, ali ndi zaka 12, anakakulira m'banja la mkonzi wa mabuku ake, Paul Brooks. Thupi lake linawotchedwa monga anafunira, ndipo gawo lina la phulusa mnzake wapamtima Dorothy Freeman anakalimwaza m'miyala ya m'mphepete mwa nyanja ku Southport, komwe Rachel ankakonda kugwada n'kumasuzumira m'timaiwe nyanja ikaphwa.